Lamulo Ndinaika Ndekha, Lero Mwana Wanga Sandiuza Kanthu

Aphungu,

Poyamba mundikhululukire kalembedwe. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, ndipo cholembera ndimachigwira ngati ndikusaina kupolisi. Mawu ena muwapeza ndawadula pakati, ena ndawamata pamodzi. Mukonze nokha kumeneko. Kale amandilembera makalata ndi mwana wanga, koma nkhani ya lero ndi ya iye yemweyo, ndiye ndangolimba mtima ndekha.

Ndine mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndipo ndimakhala ku Golomoti. Ndimalima mpunga ku sikimu ya Bwanje, komanso kuseri kwa nyumba yathu kuli tizipinda ta lendi. Anthu kuno amandidziwa ndi chinthu chimodzi, nkhawa. Mwana akachedwa pang'ono kumjigo, ine ndimakhala nditayamba kale kuganiza za kumene tikabwereke mipando ya pamaliro. Amuna anga, a Petulo, amati ndikanabadwa nkhuku ndikanafa ndi mthunzi wa mtambo, kabawi ali kutali.

Mwezi wamawa koleji ya zaulimi imene ili kufupi ndi kwathu ikuchita chikondwerero cha pulogalamu ya atsikana yotchedwa Tiyende Awiri. Andipempha kuti ndikaime kutsogolo ndikafotokoze mmene inayambira. Ndiyambe ndafotokozera inu, chifukwa vuto langa lili m'kati mwa mbiri yomweyo.

Kolejiyi itangotsegulidwa inalibe hositelo ya atsikana. Anyamata anali ndi pogona, atsikana ankadzifunira okha malo m'midzi. Ena anabwera kwa ine. Makolo ankafika ndi mwana, matiresi ndi chidebe, n'kunena kuti mayi, mwanayu tsopano ndi wanu, kenaka n'kukwera minibasi. Iwo ankapita atapepukidwa, ine n'kutsala mtima uli m'mwamba. Msewu waukulu uli pafupi, malole amaima pano, ndipo ogula mpunga amabwera ndi mawu okoma kuposa mpunga umene akugulawo. Chaka choyamba chomwecho mtsikana wina wochokera kumapiri, dzina lake Namaliya, anapita yekha kumsika ku Mtakataka. Sabata yotsatira anapitanso, n'kuzolowera. Chaka chisanathe anasiya sukulu ali ndi pakati. Bambo ake atabwera kudzatenga katundu sanandilalatire ayi. Anangomanga matiresi panjinga n'kunena kuti, "Paja tinakusiyirani." Mawu amenewo ndinadwala nawo.

Ndiye ndinaika lamulo loti pakhomo panga mtsikana satuluka yekha. Kumjigo awiri, kumsika awiri, kutchalitchi kapena kumzikiti awiri, kuchigayo awiri. Sindinkaphatikiza atsopano okhaokha, chifukwa kumunda sitichita choncho. Powokera mpunga, mlendo timamuimika pachingwe pafupi ndi wozolowera kuti aziona mmene mnzake akutalikitsira mbande ndi mmene akulowetsera chala m'matope. Ukaika alendo awiri pamodzi, mzere umapita kumene wafuna wokha. Choncho watsopano aliyense ndinkamupatsa mnzake wa chaka chachiwiri, n'kuwauza kuti uyu ndi mkulu wako, uyu ndi mng'ono wako. Musaganize kuti zinali nzeru, Aphungu. Anali mantha okhaokha. Atsikanawo anandipatsa dzina loti a Komanda, ndipo ndikamadutsa ankaimirira njo ngati asilikali, ndikangopotoloka n'kugwa nako kuseka.

Zitatero panabuka vuto lina. Atsikana akuluakulu aja anayamba kubwera ndi malipoti a ang'ono awo kwa ine. Uyu akuimbiridwa foni ndi bambo wapabanja. Uyu walephera mayeso, sakudya. Uyu kwawo amake athamangitsidwa pabanja. Nkhani iliyonse ndinkaisenza ngati yanga, kumunda nayo, kutchalitchi nayo, mpaka magazi anathamanga ndipo anandigoneka kuchipatala. Adokotala atafunsa kuti kodi mayiwa amakonda kudya chiyani, a Petulo anayankha kuti amadya nkhani za ana a eni, zopanda ndiwo.

Nditatuluka ndinawasonkhanitsa atsikana onse pansi pa mtengo wa mango n'kuika lamulo lachiwiri. Ndinati, "Zimene mng'ono wako wakuuza ndi za inu awiri. Usabwere nazo kwa ine, usapite nazo kwa amake. Ubwere pokhapokha ukaona kuti moyo wake uli pangozi." Ndinkapulumutsa mtima wanga, sindinkaganiza za iwo. Koma taonani zimene zinachitika. Ang'onoang'ono aja atangodziwa kuti nkhani sizikufikanso kwa a Komanda, anayamba kuulula zenizeni. Zimene kale zinkabisidwa mpaka siketi itakana kutseka, tsopano zinkanenedwa zidakali pa foni yoyamba, ndipo mkulu wake ankadziwa pomugwira dzanja.

Nthawi imeneyo pakoleji panali mphunzitsi wamkazi mmodzi yekha, a Eneles. Iwo anaona kuti atsikana ogona kwathu akumaliza maphunziro pomwe ena akuthera panjira. Tsiku lina anatulukira pakhomo panga. Ine poona nsapato zawo ndinati basi, abwera kudzanditsekera tizipinda, ndipo ndinayamba kupepesa asanakhale n'komwe pansi. Anandisiya ndipepese mpaka ndinatopa, kenaka anandifunsa mmene ndimawaphatikizira anawo. Nzeruyo anapita nayo kukoleji, anaipatsa dzina, n'kuifikitsa kwa atsikana onse, ngakhale pamene hositelo inamangidwa. Anawonjezeranso zina zimene mutu wangawu sukanaziganiza. Amene anamaliza n'kupeza ntchito amabwera kudzacheza ndi ang'ono awo, amawathandiza kupeza malo ophunzirira ntchito, ndipo ena amaimbirana foni mpaka lero ali ndi mabanja awo. Atsikana anga oyambirira ena ndi alangizi a zaulimi tsopano. Akamadutsa pa njinga zamoto amaima pakhomo n'kukuwa kuti a Komanda alipo kodi. Lamulo la chinsinsi lija a Eneles analisiya momwe linalili. Tsiku loyamba la chaka, mkulu aliyense amalonjeza pamaso pa anzake kuti adzalisunga.

Mbiri ndi imeneyo. Tsopano imvani mmene yanditembenukira.

Chaka chatha mwana wanga wotsiriza, Katerina, anapeza malo pakoleji yomweyo. Ndinavina mpaka chitenje chinamasuka. Iye anasankha kukagona ku hositelo ngakhale kwathu n'kufupi, akuti kumeneko kuli magetsi owerengera. Anamupatsa mkulu wake dzina lake Rahema, mwana wa asodzi a kunyanja, mtsikana wachisilamu wofatsa, wosachulutsa mawu. Poyamba Katerina ankabwera Loweruka lililonse. Tikamapeta mpunga ankandiuza zonse, za mphunzitsi amene amalavula malovu pophunzitsa, za nyemba zofumbwa za ku hositelo, za mtsikana amene amaba sopo. Pang'onopang'ono nkhani zinayamba kufupika. Ndikafunsa za sukulu amati ili bwino. Ndikafunsa za anzake amati ali bwino. Ndinaonanso kuti mafupa a m'khosi ayamba kuoneka. A Petulo anati ndi nyemba zija, ndisiye kuyeza khosi la mwana ndi maso.

Ndiye tsiku lina titatuluka ku mapemphero a mphakati, mnzanga wina anandikokera pambali. Anati anaona Katerina ndi mtsikana wovala mpango kumutu atakhala pabenchi kuchipatala, tsiku la sukulu. Ndinamufunsa kuti anali pakhomo la ofuna mankhwala a malungo kapena la amayi oyembekezera. Anati sanaonetsetse, iye anali ndi dzino lake likumupweteka. Aphungu, kuchoka pamenepo kukafika kunyumba si patali. Koma pofika pakhomo ndinali nditalandira kale mdzukulu, nditamupatsa dzina, nditakangana ndi akuchimuna, ndiponso nditalira maliro a mwana wanga pobereka. Ndinamuimbira foni. Anati palibe vuto amayi, musadandaule. Kundiuza ine kuti ndisadandaule kuli ngati kuuza udzudzu wa ku Bwanje kuti lero upume.

Chimene ndinachita ndi ichi. Ndinasankha mpunga wa kilombero wabwino, umene ndinasungira alendo, ndinaupeta kawiri, n'kukwera nawo kabaza mpaka kukoleji. Sindinaitane mwana wanga. Ndinatuma munthu akandiitanire Rahema kuseri kwa khitchini. Ndinayambira kutali, kufunsa za makolo ake, za mwera, za mmene usipa ukugwidwira chaka chino. Kenaka ndinamupatsa thumba lija n'kufunsa funso langa. Mwana uja anagwada, analandira ndi manja awiri, ndipo anati, "Amayi, mpungawu ndalandira, zikomo kwambiri. Koma zimene Katerina amandiuza ndi za ife awiri. Moyo wake ukanakhala pangozi ndikanabwera ndekha kwanu, simukanavutika ndi kabaza."

Ndinamufunsa ngati akudziwa amene anaika lamulo limenelo. Anati, "Ndikudziwa, amayi. N'chifukwa chake ndinkaganiza kuti mwa amayi onse, inuyo ndi amene simungandifunse."

Munthu wanzeru akanatsanzika pamenepo. Ine ndinapitiriza. Ndinamukumbutsa kuti mwanayo ndinabereka ndine. Ndinati ndikanena kwa a Eneles, osadziwa kuti ndikanena chiyani. Ndinaliranso, ndipo misozi ina inali yeniyeni. Iye anangopita kukanditungira madzi akumwa. Ndinabwerera wopanda mpunga, wopanda nkhani. A Petulo atamva anati ulendo wina ndidzatume iwo, chifukwa iwo akanabwerako ngakhale ndi thumba lokhalo.

Rahema sanamubisire mng'ono wake kuti ndinabwera. Madzulo ake Katerina anandiimbira. Sanakweze mawu. Anati, "Amayi, ana a eni munawapatsa pobisala. Ine wanu mukufuna mundilande." Atatero anadula foni. Kuchokera tsiku limenelo Loweruka sabwera. Amaimbira bambo ake, amafunsa za mbuzi ndi za madzi a kumunda, ndipo pomaliza amati mupereke moni kwa amayi. Ine ndimakhala ndili pomwepo, khutu nditalitchera ngati wakuba.

Tsopano chikondwerero chayandikira. Ndidzaima kutsogolo ndi chimkuzamawu m'manja, Katerina ndi Rahema atakhala limodzi pakati pa atsikana. Maganizo andichulukira. Masiku ena ndimati ndikanene pagulu kuti lamulo lija likonzedwe, amake a mwana aziuzidwa, pajatu mwini lamulo ndine. Mawu ake ndayeserera kale kumunda, mbalame za mumpunga zawamva mpaka zatopa. Masiku ena ndimati ndidzangodwala tsikulo, ndipo kwa ine kudwala si ntchito yovuta. Masiku enanso ndimati ndikafotokoze mbiri yonse koma lamulo lachiwiri ndikalidumphe, kuti ndisadzione manyazi pamaso pa ana awiri aja.

Ndithandizeni, Aphungu. Chimene Katerina anakachita kuchipatala sindikuchidziwa mpaka lero, ndipo mwana wanga sakubwera kunyumba.

N.P., Golomoti

*

Mayi N.P.,

Za kalembedwe musavutike nazo. Ndakonza pang'ono, koma nkhani mumaidziwa kufotokoza. Chimene ndasintha kwambiri ndi mayina, a anthu ndi a pulogalamu yomwe, ndipo dzina la koleji ndalichotsa. Munatsala pang'ono kuuza dziko lonse kudzera mwa ine kuti mwana wanu anaoneka kuchipatala. Ine ndikhale munthu womaliza kumva nkhaniyi kwa inu. Mnzanu wa kumphakati uja akakufunsani, mumufunse za dzino lake.

Mwandifunsa za chimkuzamawu, koma vuto lanu lalikulu si limenelo. Vuto ndi Loweruka. Tiyambire pamenepo.

Mukuti munabwerako kwa Rahema wopanda nkhani. Si zoona. Anakuuzani kuti moyo wa Katerina suli pangozi, ndipo kuti ukanakhala pangozi akanabwera yekha. Khomo limenelo munalisiya ndinu m'lamulo lanu, ndipo mtsikanayu akulidziwa. Mwana amene sanagonjere mpunga, misozi ndi chiopsezo chanu tsiku limodzi si mwana wonena mawu mwachisawawa. Taganizaninso zimene mnzanu anaona. Anaona atsikana awiri pabenchi. Namaliya ankapita ku Mtakataka yekha. Wanu anapita kuchipatala ndi mnzake, masana, monga munaphunzitsira ana a eni. Komanso ndani wakuuzani kuti wodwala anali Katerina? Lamulo lanu limati aziyenda awiri. Mwina mwana wanu ndi amene anaperekeza, ndipo chinsinsi chimene akusunga si chake.

Sindikukulonjezani kuti palibe kanthu. Mtsikana amapita kuchipatala pa zifukwa zambiri, malungo, msambo wopweteka, kukayezetsa, ngakhale nkhawa, imene mwina anayamwira kwa amake. Chingakhalenso chimene mukuopacho. Koma chikakhala chimenecho, adzafuna mayi amene iye angathe kulowa m'nyumba mwake n'kumuuza. Pakali pano mayi ameneyo sakumuona. Katerina anakulira pakhomo pamene nkhani za ana a eni zinakugonekani m'chipatala. Anamva nthabwala ya bambo ake, ndipo anaona kuti si nthabwala yokha. Mwina sakukubisirani chifukwa chokuderani. Mwina akuopa kuti akakuuzani, adzayamba kudwazika inu m'malo moti inu mumugwire dzanja.

Ndiye chitani izi chikondwerero chisanafike. Pemphani a Petulo amuuze kuti mukufuna kudzamuona, ndipo asankhe yekha tsiku. Musamutulukire mwadzidzidzi. Mukakumana, munene mawu ochepa, kuti munalakwa kupita kwa Rahema mwamseri, kuti simudzabwerezanso, ndiponso kuti chilichonse chimene angadzafune kukuuzani, chaching'ono kapena chachikulu, mudzachimva mutakhala pansi ndipo simudzakomoka. Mukatero mutseke pakamwa. Ndikudziwa kuti pamenepa ndi pamene padzakuvuteni, chifukwa funso lija lidzakhala likukuyabwani kukhosi. Limezeni. Za kuonda mukhoza kunena kamodzi monga mayi, n'kumufunsa chimene angakonde kuti muzimutumizira. Mpunga ulendo uno ukhale wake, ndipo usakhale ndi funso m'kati. Rahema naye mukamupepese. Munamuika pakati pa mayi wolira ndi lonjezo lake, pomwe iyenso ndi mwana wa munthu amene anabwera kudzaphunzira.

Mukadzaona zizindikiro zenizeni, monga kusiya kulowa m'kalasi, mabala m'thupi, kapena mawu osonyeza kutopa ndi moyo, pamenepo musadikire lamulo la wina aliyense. Pitani kwa a Eneles poyera, mutamuuza Katerina kuti mukupita. Kuseri kwa khitchini musabwererekonso.

Palinso china. Munaphatikiza atsikana onse awiriawiri, koma inu mwayenda nokha ndi nkhawa zanu zaka zonsezi. Pezani mayi mmodzi wosunga pakamwa, mwina a Eneles omwewo, woti muzimutulira zikakulemerani. Mupitenso akakuyezeni kuthamanga kwa magazi tsikulo lisanafike, kuti mukamalonjeza mwana kuti simudzakomoka, thupi livomereze.

Tsopano za chikondwerero. Mupite, ndipo musadwale. Mukafotokoze monga mwandifotokozera ine, za a Komanda, za chingwe chowokerera mpunga, za kupepesa kwa a Eneles asanakhale pansi. Mukanene kuti anali mantha. Atsikana akaseka, ndipo akamva kuti chinthu chabwino chikhoza kuyamba ndi munthu wonjenjemera. Lamulo lachiwiri musakalidumphe, chifukwa ndi limene linagwira ntchito. Ndipo musakapemphe kuti lisinthidwe. Si lanunso. Ndi la mtsikana aliyense amene analankhula msanga chifukwa ankadziwa kuti mawu ake sapita kwa amake. Mukalimasula chifukwa cha mwana wanu mmodzi, onse adzakhalanso chete mpaka siketi idzakane kutseka, ndipo woyamba kukhala chete adzakhala Katerina.

Chenjezo langa ndi ili. Chimkuzamawu chimakoma m'manja. Musakapepesere mwana wanu pamenepo, musakamutchule, ndipo musakaponye mawu okuluwika muli kumuyang'ana. Kupepesa kwa pagulu kudzamukakamiza kumwetulira pamaso pa anzake, ndipo adzakusungirani chimenecho kuposa za mpunga zija.

Za kuchipatala mwina adzakuuzani mwezi wamawa, mwina adzakuuzani ali ndi ana ake, mwinanso simudzazidziwa konse. Inenso sindikuzidziwa. Chimene chili m'manja mwanu n'chakuti Loweruka lina abwere adzapete nanu mpunga, ndipo inu mumusiye ayambe yekha kulankhula.

Aphungu